Ba Judith ndi Singano ya Pamsana

Ba Judith a ku Chilenje, mu Lusaka, si munthu woti mungamucheukire kawiri pamsewu. Ndi aafupi, olankhula motsitsa, ndipo tsiku lonse amakhala ali weramu pa makina, kusoka mayunifolomu a sukulu pamsika. Koma pa nkhani ya kulimba mtima, asiyeni mayi amenewa.

Amuna awo, ba Mpundu, ntchito inawathera pamene kampani ya boma imene ankagwirako inagulitsidwa. Anapeza kangodya pakhonde la sitolo ina mu Cairo Road n'kuyamba kukonza mawotchi, ndipo banja linkadya. Kenako dzanja lamanja linayamba kunjenjemera. Pomatha zaka ziwiri, tizitsulo ta wotchi tinkangowapulumuka n'kugwera pansi. Kuchipatala anati ndi matenda a Pakinsoni. Mapiritsi ankangochepetsako, osachiza.

Tsiku lina dokotala wamkazi anawakhazika pansi onse awiri. Anafotokoza kuti mu ubongo muli puloteni ina imene tonse tili nayo, koma mwa odwala otere imapindika molakwika n'kumaundana ngati ulusi wokolana m'makina. Akatswiri ankaganiza kuti atapeza mankhwala oletsa kuundanako, mwina matendawo angamachedwe kukula. Kuti aifufuze bwino puloteniyo, ankapempha odwala madzi pang'ono a pamsana, owatenga ndi singano.

"Manje bashi Emmy bazapola?" anafunsa ba Judith, potchula amuna awo ndi dzina la mwana wawo.

"Sinifuna kukunamizani, mayi," anatero dokotala. "Iyayi. Mankhwala akapezeka, mwina azathandiza ena."

Ba Mpundu anavomera pomwepo. Vuto linali cholembera: dzanja lawo silikanatha kusaina. Anafunika kudinda chala, wina wa pabanja n'kusaina ngati mboni. Winayo anali mkazi wawo, nanga akanakhala ndani?

Tsono mu Lusaka singano ya pamsana ili ndi mbiri yoipa. Aliyense amadziwa munthu amene anabayidwa lero, mawa maliro. Zoti ambiri mwa iwo ankafika kuchipatala matenda atawamaliza kale, palibe amazitchula. Nkhani itamveka, akulu awo a ba Mpundu, ba Chibesa, anakwera minibasi kuchokera ku Kaunda Square, ndipo mpando anaukana.

"Mulamu, mukasaina ija pepala, akafa, mwapaya ndimwe," anatero. "Na pamalilo musakaonekepo."

Ba Judith anachita mantha, tisabise. Kutchedwa wopha mwamuna ndi chibale chonse si nkhani yamasewera kwa mayi amene wakhala nawo pamtendere zaka makumi atatu. Masiku atatu misoko inkangokhota, iwo n'kumaimasula. Tsiku lachinayi anabwerera kwa dokotala okha, n'kupempha kuti aione singanoyo ndi maso awo. Anaitembenuza ili m'pepala lake, anafunsa kuti imalowa pati, imafika pati, nanga chimene chingalakwike n'chiyani. Dokotala anayankha zonse, ngakhale zosakoma. Kunyumba anawafunsanso amuna awo ngati akufunadi.

"Bana Emmy, manja yanga yasila," anatero ba Mpundu. "Lekani ako kamanzi kasebenzeko."

Ba Judith anasaina dzina lonse, mosathamanga.

Atabayidwa singanoyo, ba Mpundu mutu unawapweteka masiku awiri, lachitatu anadzuka n'kuitanitsa chikanda choti adye. Kunjenjemera sikunasinthe, ndipo palibe anayembekezera kuti kusintha. Koma kuti munthu sanafe sikunafewetse ba Chibesa. Anati mkazi wagulitsa madzi a mng'ono wawo, ndipo achibale anasiya kuponda pakhomo. Khirisimasi inadutsa popanda ndi foni yomwe. Zinawapweteka kwambiri ba Judith, koma sanapite kukapepesa kwa aliyense, poti sanaone chimene analakwa.

Patatha miyezi isanu ndi itatu, Lachiwiri lina m'mawa, anakweza maso pa makina n'kuona ba Chibesa ataima pakhomo la shopu, dzanja lamanzere lili m'thumba la jekete. Anapereka moni wautali, kufunsa za Emmy, za mvula, za mtengo wa nsalu. Atasowa china chofunsa, anatulutsa dzanja lija n'kuliika patebulo. Linkanjenjemera lokha, iwo akuliyang'ana ngati la munthu wina.

"Yayamba mu Epulo," anatero motsitsa. "Sininauzeko aliyense. Uja dokotala wanu, mulamu... munganipelekezeko?"

Ba Judith sanawakumbutse kanthu. Anadula ulusi, anavindikira makina, n'kumanga bwino chitenje.

"Tiyeni, ba mulamu," anatero. "Tikachedwa tizapeza mzele watalika."