Dontho la Mafuta pa Buku la Alamu

Sindinamvetsepo chimene alamu anga ankafuna m'mabuku ophikira. Anali okonza mawotchi, munthu wowonda, wa zilonda za m'mimba, ndipo adokotala adawaletsa mafuta, tsabola ndi zokazinga zonse. Ankadya mpunga wofewa ndi masamba owiritsa basi. Komatu tchuthi cha kumapeto kwa chaka chikayandikira, tikawafunsa mphatso yoti tiwagulire, yankho linali lomwelo: "Buku lophikira, ngati simuvutika."

Ine sindikonda kutamanda anthu. Kusukulu ya mishoni adatizoloweza kuti munthu akachita bwino ungomugwedezera mutu. Koma ndinene kuti sindinaonepo wina wolandira mphatso ngati iwo. Ankayamba asamba m'manja. Kenako ankamatula pepala ndi kachitsulo kawo kotsegulira mawotchi, n'kulipinda bwinobwino, n'kununkhiza bukulo asanalitsegule. Patebulo ankaliimika pambali pa mbale yawo ya mpunga, n'kumawerenga mokweza: "Thirani batala pang'onopang'ono mukutakasa." Akatero ankameza mpunga wawo wosakomawo nkhope ili ngwee.

Mabukuwo ankakhala m'kabati ya galasi pabalaza. Ambiri anali ogula kwa ogulitsa mabuku akale. Lina linalibe chikuto, lina linali m'chinenero chimene panalibe wochidziwa pakati pathu, koma iwo ankati zithunzi zake zimalankhula zokha.

Akazi awo, omwe ndi achemwali anga aakulu, ankangoti ndi misala yosapweteka munthu. Khitchini inali yawo, ndipo mwamuna ankathera pachitseko. Tsiku lina alamu atalowamo ndi buku m'manja, ndidamva achemwali akuti, "Tulukani abambo, mundigwetsera timasipuling'i m'supu. Kapena zanga sizikoma kuti muzisirira za eni?" Tonse tidaseka, alamunso adaseka, n'kukabweza buku m'kabati.

Patapita zaka, achemwali adandiitana kwawo alamu ali kuntchito. Adatsegula buku limodzi n'kundilozera dontho lachikasu pakona pa tsamba.

"Nunkhiza," adatero.

"Si mafuta a mawotchi amenewa, achemwali?"

"Wotchi yake iti yonunkha anyezi? Taona ufa uwu mkatimu. Ine buku ili sindinalikhudzepo."

Adati Loweruka lililonse m'kabatimo mumasowa buku limodzi, ndipo alamu amabwera mochedwa n'kumati kunali makasitomala ambiri. "Pali mkazi," adatero. "Akuphikira m'mabuku amene ndidagula ine ndi manja angawa. Loweruka likubwerali uwatsatire."

Ndidayesa kukana. Adandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kukolala. "Sukulu yonse ija udaphunzira kuti uzingovala jekete?"

Loweruka masana ndidaima kutsidya kwa msewu. Alamu ankagwira ntchito pakatebulo pakhonde la sitolo ya nsalu. Adalongedza zida zawo, n'kupanira kaphukusi m'khwapa, n'kuuyamba. Adadutsa pokwerera basi, adakhotera m'kanjira ka kuseri kwa galaja, n'kulowa m'kanyumba kodyeramo amakaniko, ka mabenchi ndi denga lakuda ndi utsi.

Ndidasuzumira pazenera. Alamu anali atavala epuloni, kagalasi kawo koonera mawotchi kakadali pachipumi, buku ataliyedzamiritsa pachitini cha mchere. Ankadula anyezi mosamala ngati akukonza wotchi ya bwana.

"A Wotchi, nthawi yatha, tikufa ndi njala kuno!" adakuwa makaniko wina.

"Buku lati mpaka anyezi afiire."

"Ndiye bukulo lidzabwere lidzandithandize kukweza injini!"

Iwo sankalawa, chifukwa cha mimba yawo ija. Adatunga msuzi ndi supuni, n'kuitana mwini wake wa malowo, mayi wamtali wa mpango kumutu. Mayiyo manja anali m'beseni la mbale, choncho adangoyasamula, alamu n'kumulawitsa, dzanja lina atatchinjiriza pansi pa chibwano chake. Adamuyang'anitsitsa kumaso.

"Mchere?"

"Wakwana, bambo."

Pamenepo ndi pamene adandiona. Sadadzidzimuke. Adati, "Alamu, musaime padzuwa. Lowani mudye."

Inali nsomba yophikidwa ndi mandimu ndi timasamba tina tonunkhira. Sindinena zambiri, kungoti mbale ndidaimaliza. Nthawi yonseyo iwo adakhala moyang'anizana nane, osadya kanthu, akutsatira supuni yanga ndi maso.

"Zili bwanji?"

"Zadyeka," ndidatero.

Adamwetulira ngati ndawaveka mendulo. Kenako adafunsa, "Akutumani?"

"Andituma."

"Kanenenitu zonse, musasiyeko."

Ndidakanenadi zonse. Achemwali adamvetsera za galaja, za epuloni, za nsomba. Nditamaliza adafunsa chinthu chimodzi: "Supuni ija adaigwira ndani?" Ndidawauza. Ngati panali kanthu pakati pa alamu ndi mayi uja, ine sindidakaone, komanso sindine katswiri woona zotero. Ndidawauzanso zimenezo, koma sizidathandize.

"Zaka zonsezi ndakhala ndikuwawiritsira masamba, osathira ngakhale dontho la mafuta, kuti asandifere," adatero. "Iwo n'kumakadyetsa anthu a kugalaja."

Mawa lake adagula loko n'kukhoma kabati ija, kiyi n'kumangirira pachingwe cha m'khosi. Adauza abale onse kuti chaka chimenecho wina asayerekeze kubwera ndi buku. Alamu sadakangane nawo. Loweruka ankabwera molawirira, n'kukhala pabalaza moyang'ana kabatiyo, akuwerenga mitu ya mabuku kudzera pagalasi.

Tchuthi chitafika tidasonkhana kwawo monga mwa nthawi zonse. Alamu adasamba m'manja. Adamatula phukusi loyamba, munali masokosi. Lachiwiri munali mipango ya m'thumba. Langa munali tayi. Pepala lililonse adalipinda bwinobwino, ndipo aliyense adamuthokoza pomutchula. Zitatha adakhalabe akuyang'ana patebulo, ngati pali china chimene sichinabwere.

"Zatha, abambo," adatero achemwali. "Idyani, mpunga ukuzizira."

Adadya.

Chaka chatsopano chitangoyamba, achemwali pochokera kumsika adapeza chitseko cha kabati chitatsamiritsidwa kukhoma, galasi losasweka, loko akadali wokhoma. Alamu adachimasula kumahinjesi, ndipo timisomali tonse adatisiya m'kambale patebulo kuti tisasowe. M'kabatimo munalibe buku ngakhale limodzi. Masokosi, mipango ndi tayi zinali pabedi, koma eni ake kunalibe.

Achemwali adadzanditenga n'kuthamangira kugalaja, ine pambuyo. Mayi wa mpango tidamupeza akutsuka mbale zake, ndipo amakaniko anali kudandaula kuti abwerera ku nyemba zopanda mchere. Mayiyo adalumbira kuti alamu sadawaone, n'kutionetsa epuloni ili pamsomali. Achemwali adasuzumira mpaka kuseri kwa chitseko. Mpaka lero amati mayiyo akudziwa kanthu.

Wa sitolo ya nsalu adati alamu adabweza mawotchi onse kwa eni ake sabata yathayo, okonzedwa. Kondakitala wina adati adathandiza bambo wowonda kukweza makatoni olemera pabasi, ndipo bamboyo adakana kuti awaike pamwamba, kuopa mvula. Titamufunsa kuti basiyo inkapita kuti, adati tsiku limenelo zidanyamuka zambiri.