Timbalame ta Pamsana pa Bulaki

Dzulo mdzukulu wanga atatsegula botolo la mankhwala opopera ng'ombe, fungo lake linandibwezera ku Nkomeshya, ndili kamtsikana.

Atate anali ndi ng'ombe yolimira, dzina lake Bulaki. Pamsana pake pankatera timbalame ta milomo yofiira, n'kumatola nkhupakupa m'makutu ndi kunsi kwa mchira. Iyo inkangotsinzina, ikubzikula. Ine ndinkayesa kuti ndi ana ake.

Chaka china boma linakumba dipi, ndipo kapitawo wa ziweto analamula kuti ng'ombe zonse zizisambira m'madzi ake onunkha mankhwala.

"Nanga izi mbalame zizadya chani?" anafunsa atate.

Kapitawo anaseka. "Imwe mudala, nifuna ng'ombe pa mzere, osati nkhani za mbalame."

Posakhalitsa ndinapeza timbalame tija tili gone m'khola, miyendo m'mwamba. Ndinatola kamodzi n'kukafunditsa kansanza.

"Amama, kazauka liti?"

Amayi anandilanda n'kukataya kudzala, kenaka anandisambitsa m'manja ndi phulusa.

Patapita zaka dipi linang'aluka, kapitawo anasamutsidwa. Nkhupakupa zinadzaza m'makutu a Bulaki, zonenepa ngati nsatsi. Inkapukusa mutu, pamsana popanda woitola, mpaka inafa mvula isanagwe. Dzinja limenelo amayi analima munda wonse ndi khasu, mwana ali kumbuyo.

Ndinadziwa nditakula kuti timbalame tija tinafa ndi nkhupakupa zapoizoni. Mankhwala anatha, kapitawo anapita, nkhupakupa zinabwerera. Zomwe sizinabwerere ndi zomwe zinkatithandiza.