Windows ya alamu anga ndinaibisa dala

Alamu anga atabwera kuchokera ku Joni ndi laputopu yatsopano, yopyapyala, yonyezimira, ine mtima unandiwawa. Yanga inali yomata ndi selotepi, yolira ngati chigayo. Mkazi wanga, yemwe ndi mlongo wawo, ankangouza aliyense kuti achimwene agula makina.

Tsiku lina anandipeza pa Boma, pomwe ndimakonzera mafoni.

"Alamu, mundiikire Linux pambali pa Windows, ndizisankha poyatsa. Koma musamale, zithunzi za malemu bambo zili momwemo."

Ndinagawa disiki ya laputopuyo bwinobwino kuti mapulogalamu awiri oyendetsera makinawa akhale limodzi, zonse zinalowa popanda vuto. Kenako ndinabisa dala pamene munthu amasankhira paja, kuti ikayaka izingothamangira ku Linux.

"Nanga Windows yapita kuti?" anafunsa atabwera kudzaitenga.

"Makina a masiku ano ndi osalimba, alamu," ndinayankha ndikupukusa mutu ngati dokotala.

Ine ndinkangofuna kuti asiye kuyenda monyang'wa. Koma iwo anakhala pabenchi, n'kugwira tsaya, kenako n'kundisisita paphewa.

"Musadziimbe mlandu, alamu. Mwayesetsa."

Kunyumba mkazi wanga atamva kuti zithunzi za malemu bambo ake zapita ndi Windows ija, analira, chakudya osadya.

M'mawa mwake ndinaibwezeretsa Windows ija, kantchito kosachedwa n'komwe, koma ndinkapukuta thukuta labodza. Alamu anafalitsa mpaka ku Mlangeni kuti ine ndimaukitsa zakufa.

Sindinawauzebe zoona. Masiku ano anthu amandibweretsera malaputopu kuti ndiwaikire zonse ziwiri, ndipo iliyonse imene imafika ndi yabwino kuposa yanga.