Mkonono Utaleka

Chizindikiro choyamba chinali tulo ta masana. Munali mu teremu yachiwiri ya 2004, ndikuphunzitsa masamu ku Sitandade 7 pa sukulu ina ya kwa Kadewere. Ndinapatsa ana ntchito n'kukhala pampando. Podzidzimuka ndinapeza belu lalira kale, choko chili pansi, kalasi yonse ikuseka chogwira pakamwa. Ndinawakalipira anawo, koma mumtima ndinachita mantha. M'mawa uliwonse ndinkadzuka mutu ukuwawa, kukhosi kutauma gwa, ngati sindinagone n'komwe.

Za mkonono ndinkazidziwa kale. Mkazi wanga, amake Esnati, anali atasamukira m'chipinda cha ana zaka zitatu m'mbuyomo, akuti ndinkaliza mkonono ngati chigayo cha dizilo. Ine ndinkangoseka. Ndinali wonenepa kwambiri, ndipo zaka zimenezo kunenepa kunali ulemerero. Maliro anali ochuluka m'midzi, anthu akuwonda mpaka kutha, ndiye ukamayenda mimba ili patsogolo aliyense ankati, “Mwanenepatu aphunzitsi, akukusungani bwino.” Ine ndine mkamwini, kwathu ndi ku Magomero koma ndimakhala kwawo kwa mkazi wanga, choncho mawu amenewo ankakomera banja lonse la kuchikazi. Ndisaname, nanenso ndinkanyada nawo.

Loweruka lina tikutong'ola chimanga pakhonde, amake Esnati anandiuza kuti chowadetsa nkhawa si mkononowo, koma kuduka kwake. Anati ndimaliza, kenako zii, mpweya osatuluka, iwo n'kumawerenga chamumtima ali kuchipinda chinacho mpaka nditadzidzimuka ngati munthu wotsamwa. Ndinawayankha kuti asamandiwerengere mpweya ngati ndine wodwala. Yankho lopusa limenelo linandichedwetsa chaka chathunthu.

Mu 2005 miyendo inayamba kutupa, ndipo kukwera kamtunda kopita kusukulu ndinkapumira kawiri. Kuchipatala cha m'boma lathu anandipeza ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, anandipatsa mapiritsi, n'kunditumiza kuchipatala chachikulu ku Blantyre. Kumeneko unkafika m'mamawa, kulandira kakhadi, n'kukhala pabenchi kudikira dzina lako. Ulendo woyamba ndinagona pabenchi pomwepo. Anandiitana katatu ine osamva, ndipo ndinabwerera osaonana ndi dokotala. Ulendo wachiwiri dokotala anandiuza mosabisa kuti mtima wanga ukutopa, ndipo ndikapanda kuchepetsa thupi sindidzaona zidzukulu zikukula. Ndinayesa kuchepetsa kudya, koma munthu wosagona bwino njala simuchoka. Ndinangoonjezera thupi.

Mwana wathu Esnati ndi namwino, ndipo nthawi imeneyo ankagwira ntchito ku Joni. Mu Ogasiti 2006 anandiitana. Kumeneko anandigoneka m'chipatala usiku umodzi atandimata mawaya kumutu ndi pachifuwa. M'mawa dokotala anandifotokozera kuti ndikagona, mnofu wa kukhosi umatseka njira ya mpweya, ndipo thupi limadzidzutsa lokha kuti ndisafe. Anati pali opaleshoni yochepetsa chifu, yoti ndizikhuta ndi chakudya chochepa, koma sangandigoneke ndi mankhwala ndisanazolowere makina othandiza kupuma kwa miyezi itatu.

Makinawo ndi kabokosi kokhala ndi paipi, kumapeto kwake kuli chovala pamphuno chomangira ndi malamba kumutu. Amakankha mpweya pang'onopang'ono kuti khosi lisatsekeke. Masabata oyamba ndinadana nawo. Mphuno inkauma, malamba ankasiya mizere pankhope, ndipo nthawi zambiri ndinkawavula n'kuwaika pansi pa bedi. Ndinkakhala m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba imene Esnati ankachita lendi. Iye ankachoka m'mawa n'kubwera atatheratu. Oyandikana nawo sindinkamva chilankhulo chawo. Munthu amene ndinazolowera kuyankhula ndi ana makumi asanu ndi atatu tsiku lililonse, ndinkatha tsiku lonse osatsegula pakamwa. Ndinasungulumwa mpaka ndinayamba kuwerenga magalimoto odutsa pawindo.

Patatha mwezi ndinapita kukaonedwa, ndipo ndinanama kuti ndikuwavala bwinobwino. Namwino wa kumeneko anangosolola kakhadi m'makinamo n'kuona maola onse amene ndinawavala. Anauza Esnati kuti andimasulire: “Bambo, makinawa sanama. Mukapitiriza chonchi, opaleshoni kulibe.” Ndinachita manyazi ngati mwana wogwidwa akubera mayeso. Kuyambira pamenepo ndinapirira. Pa sabata yachitatu ndinadzuka m'mawa wina mutu usakuwawa, ndipo ndinakhala pabedi kwa nthawi ndithu ndikudabwa.

Opaleshoni inachitika mu Januwale 2007. Anandiuza kuti ndibwere ndi makina anga, ndipo nditatsitsimuka ndinapeza andiveka kale. Ndinakhala m'chipatala masiku asanu. Anamwino ankandiyendetsa m'khonde kawiri pa tsiku. Chakudya chinali chamadzimadzi, kakapu kamodzi, chomwa pang'onopang'ono. Dokotala anandichenjeza kuti ndisasiye makinawo ngakhale nditayamba kuwonda, mpaka adzandiyezenso.

Ndinabwerera kumudzi mu Meyi, buluku ndikumangira ndi chingwe. Kwathu kulibe magetsi, choncho makinawo ndinkayendetsa ndi batire ya galimoto, imene ndinkakatchajitsa pa njinga kumsika. Ndinkayembekeza kuti anthu akondwera. Koma taganizani: munthu wachokera ku Joni, wawonda, akudya ngati mwana, akugona ndi paipi pamphuno. Palibe amene anandifunsa. Moni unasintha, m'malo mwa “mwanenepatu” ankangoti “pepanitu aphunzitsi,” maso ali pansi. Kutchalitchi benchi langa linkakhala ndi malo otsala mbali zonse. Ku sukulu ndinapeza kuti kapu yanga ya tiyi ayiika payokha. Mawu akuti kaliwondewonde ndinawamva kwa mwana wa Sitandade 3, amene anangobwereza zimene anamva kwawo.

Amake Esnati ankandiphikira, ankandichapira, koma anakhalabe m'chipinda cha ana. Maso awo anali ofiira masiku onse, ndipo sankayankhula zambiri. Kenako kunabwera atsibweni awo, eni mbumba. Anazungulira nkhani mwaulemu, za mvula, za feteleza, n'kudzamaliza ndi mawu akuti wodwala amasamalidwa bwino kwawo. Ndinamva. Ku Magomero makolo anga anamwalira kale ndipo nyumba inagwa. Zaka makumi atatu ndinamanga pano, ndipo tsopano ankandionetsa njira. Ndinakwiya, koma mkamwini sakweza mawu. Chimene chinandipweteka koposa n'chakuti mkazi wanga anali pomwepo ndipo sananene kanthu.

Munthu mmodzi yekha ndi amene ankabwera kudzacheza, a Mulepa, mmisiri wa matabwa wa m'mudzi mwathu. Iwo ankamwa mankhwala otalikitsa moyo ndipo sankabisa. Zaka zinayi m'mbuyomo, atawonda, ine ndinali mmodzi wa anthu amene ankawapatsa moni patali. Tsopano anali atanenepa, anthu akuwagwira chanza. Anaseka n'kunena kuti, “Aphunzitsi, anthu ano amayeza magazi ndi maso. Ine ndili ndi kachilombo akundithamangira, inu mulibe akukuthawani. Pitani mukayezetse ndi akunyumba, mtima wawo ukhale pansi.” Sanandikumbutse za moni wanga wapatali uja, ndipo zimenezo zimandichititsabe manyazi.

Ine ndi amake Esnati tinapita Lachiwiri lotsatira. Tinadikira pabenchi mpaka masana. Zotsatira zinasonyeza kuti tonse tilibe kachilombo. Pobwerera tinapumira pansi pa mtengo wa mango, ndipo ndinawapatsa kapepala ka zotsatirazo ndi mawu aukali, kuti akaonetse atsibweni awo, ndipo iwonso asiye kundiopa. Anakapinda osakayang'ana.

“Abambo a Esnati, ine matendawo sindinawaganizepo,” anatero. “Zaka zonsezi ndimagona pomva mkonono wanu. Ukamalira ndimadziwa kuti mulipo. Chibwerereni kuchipinda kwanu kuli zii. Ndimadzuka kasanu kudzasuzumira pakhomo ngati chifuwa chikuyenda. Atsibweni akuyankhula ine n'nali ndi tulo, mphamvu yoyankha n'nalibe.”

Miyezi yonseyi ndinkayesa wosungulumwa ndine ndekha, pomwe kuseri kwa khoma kunali munthu akuwerengabe mpweya wanga. Ndinawauza kuti makinawo ali ndi kaphokoso kake, kakang'ono, kamamveka ukakhala pafupi. Madzulo a tsiku lomwelo anabweretsa pilo wawo. Kwa atsibweni anapita okha m'mawa mwake, ndipo nkhani ya ku Magomero sindinaimvenso.

Papita zaka ziwiri tsopano. Miyendo sikutupanso, mapiritsi anandichepetsera, ndipo kamtunda ka kusukulu ndimakwera osapumira. Makinawo ndikuwavalabe, chifukwa atandiyezanso anati vuto lachepa koma silinathe. Alipo ena amene amandipatsabe moni patali, ndipo ndinaleka kuwafotokozera.

Inu amene mumagona masana osafuna, mumadzuka ndi mutu, kapena akunyumba kwanu akuti mpweya wanu umaduka, pitani kuchipatala msanga, musachedwe monga ndinachitira ine. Musamvere okuuzani kuti mwanenepa, akukusungani bwino. Mverani amene amagona pafupi nanu. Wanga anandiuza zoona tikutong'ola chimanga, ine n'kumukalipira, ndipo anapitiriza kuwerenga.