Tsiku Limene Maikolosikopu Inabwera Kosoka

Ndili Sitandade 7 pasukulu ina ya ku Nkhamanga, kufupi ndi Bolero, kunabwera mtsikana wa ku koleji atanyamula kabokosi kathabwa. Anali pa holide, ndipo ankayenda wapansi sukulu ndi sukulu kuonetsa ana maikolosikopu, makina oonera tizilombo tosaoneka ndi maso. Palibe amene anamutuma. Ife tinali tisanaonepo mkazi wa ku koleji, moti tinkangomuyang'ana kukamwa kuli yasa.

Anapempha madzi a padambo. Wotumidwa ndani? Ine, poti kutunga madzi n'kwa atsikana. Ndinathamanga ndi botolo, mtima uli dyokodyoko kuti lero ndiona nawo. Nditabwerako ndinagwada n'kupereka. Aphunzitsi aakulu anangothokoza n'kulamula kuti, "Yewo chomene. Tsopano atsikana nonse kosoka, anyamata tsalani."

Zinandiwawa, mpaka lero ndikakumbukira ndimapsa mtima. Matope ndaponda ndine, minga yalasa ine, koma oona akhale anyamata! Nanga masiku amenewo a chipani chimodzi, mwana ukanayankha wamkulu? Tinakakhala pansi pa mtengo wa mango ndi singano zathu, ine misozi ili chuchuchu.

Posakhalitsa tinangoona mlendo uja akubwera, bokosi lili pamutu ngati mtsuko, aphunzitsi aakulu ali pambuyo.

"Amayi, mukupita nazo kuti?" anafunsa iwo.

"Kosoka, bambo," anayankha mwaulemu, atapinda mawondo pang'ono. "Mwati atsikana onse, inenso ndine mtsikana. Komanso makinawa amafuna dzuwa."

Iye anaika makinawo pakampando, n'kudonthezera madzi pakagalasi. "Anatunga madzi uja ndani? Bwera kuno, mng'ono wanga." Anandiuza kuti nditsinzine diso limodzi. Poyamba ndinangoona mdima. Atatembenuza kalilole wa pamakinapo, mayo ine! Tinthu tambirimbiri tikusambira, kena kakuzungulira ngati kaledzera. Ndinakuwa kuti, "Zamoyotu izi!"

Anyamata anatuluka okha m'kalasi n'kufola kumbuyo kwathu, akung'ung'udza. Wina anati, "Fulumira iwe, tione ife!" Ndinayamba kudzuka monga tinazolowera, koma mtsikana uja anandigwira paphewa.

"Khala," anatero. "Madziwa watunga ndiwe, yang'ana mpaka ukhute."

Ndinayang'ana mpaka diso linayamba kuwawa. Nditadzutsa mutu, aphunzitsi aakulu anali kumapeto kwa mzere, chipewa chili m'manja, akudikira kuti atsikana tithe.