A Ndichitandekha Aphunzira Kukhalira Manja

Pa intaneti anzawo ankawatcha a Ndichitandekha. Ntchito yawo inali yokonza makompyuta m'kashopu ka pansi pa masitepe, koma mtima wawo unali pa pulogalamu yopangira mawebusayiti imene analemba n'kuisiya poyera kuti aliyense aitenge mwaulere ndi kuikonza. Zoti aliyense aikonzezo zinali za pakamwa chabe. Wina akangonena kuti penapake pavuta, iwo ankathamangira kukonza okha, mnzawoyo n'kutsala kukamwa yasa.

"Bambo a mwana, mukadzadwala chinthu chanuchi adzachilere ndani?" ankafunsa mkazi wawo. Iwo ankangoseka.

Kenako dzanja linatupa chifukwa chotayipa, adokotala n'kuwaletsa kugwira kompyuta. Madandaulo a anthu ogwiritsa ntchito pulogalamuyo anaunjikana. Posowa pogwira, anapempha mkazi wawo kuti aziwalembera pansi pa dandaulo lililonse kuti: "Ili n'losavuta, yambirani apa, mukasochera ndifunseni."

Mphunzitsi wina wakutali anayesa kukonza, n'kulakwitsa, n'kuyesanso. Namwino wina analemba malangizo a anthu atsopano. A Ndichitandekha, mtima uli m'mwamba, anapatsa awiriwo mphamvu zovomereza zosintha.

Dzanja litachira, anapeza pulogalamu ikuyenda bwino kuposa kale. Ngakhale batani lina la m'pulogalamumo limene linawazunza kwa zaka linali litagonja m'manja mwa munthu amene sanamuonepo nkhope.

Mpaka lero akaona vuto laling'ono zala zimawayabwa. Mkazi wawo akawapeza atakhalira manja patsogolo pa kompyuta, amadutsa monyang'ama.

"Musasokose," amauza ana. "Bambo anu ali pa ntchito."