Firiji ya pawindo

Loweruka lapitali ndinapalasa njinga kupita kwa mlongo wanga Esinati, kuseri kwa Chalimbana, ndipo ndinamupeza akuthirira nkhumba za aneba mkaka. Mkaka weniweni, chigubu chathunthu.

"Wasasa futi," anatero osandiyang'ana. "Kachitatu aka wiki imodzi."

Ndikufotokozereni. Esinati ali ndi ng'ombe ziwiri zamkaka, ndipo ntchitoyi anakaiphunzira kusukulu ya ulimi wa mkaka ku Palabana. Mkaka wamadzulo umagona m'firiji, m'mawa amauphatikiza ndi watsopano n'kupita nawo kwa mayi wina wa tiyirumu pa boma la Chongwe. Mayiyo ndiye kasitomala wake wodalirika yekhayo, ndipo anali atachenjeza kale kuti mkaka ukadzadukanso m'tiyi wa anthu, adzafuna wina. Firijiyo Esinati anaigula yekha, atagulitsa mwana wa ng'ombe, magetsi atangofika m'dera lawo.

Nanga mkaka usasa bwanji m'nyumba ya firiji? Lowani muone.

Firiji ili pabalaza. Osati pakona ayi, pawindo lalikulu lopenya kumsewu, kumene dzuwa la Okutobala limalowera kuyambira masana mpaka kukalowa. Katani anaikokera pambali kuti isatchinge. Kumbuyo anaikanikiza kukhoma, pamwamba anaifunditsa nsalu yoluka yolendewera mpaka kumsana kumene imapumira, n'kukhazikapo maluwa apulasitiki. Inali kubuula ngati munthu wamalungo. Nditagwira m'mbali mwake ndinachotsa dzanja msanga.

Pafupi pake panali fani, yopukusa mutu uku ndi uku. Musaganize kuti inkapepesera anthu. Inkapepesera firiji.

Mwini nzeru zonsezi ndi mlamu wanga, a Benadi, amene anali pampando atavula malaya, thukuta kamukamu.

"A mulamu," ndinatero, "bwanji osaipeleka ku chipinda chija cha kumbuyo, kwamene kuli mthunzi wa mango?"

Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi.

"Kumbuyo? Imwe mulamu, chinthu cha mutengo so, nichibise monga ninaba? Bantu bazaziba bwanji?"

Anthu adziwa bwanji! Mawu amenewo ndawasunga sabata yonse, ndipo akundiwawabe.

Tili chikhalire, panadutsa bambo wina wa mumpingo. A Benadi anamukuwira pawindo kuti adzamwe madzi ozizira. Chitseko cha firiji chinatsegulidwa, ndipo chinakhala chotsegula nthawi yonse imene ankakambirana za mvula, kuti mlendo aone bwino mashelefu. Atapita ameneyo kunabwera wina. Ndinaleka kuwerenga. Madzi akewo, kunena zoona, anali ofunda.

Kenaka a Benadi anandionetsa bilu ya magetsi.

"Onani! Mita iyi ni kawalala, ithamanga maningi. Nizayenda kubaonesa ku ofesi."

Mita ndiyo wakuba. Dzuwa ndi losalakwa, nsalu yoluka ndi yosalakwa, babu la pakhonde limene linali kuyaka dzuwa lili paliwombo nalonso ndi losalakwa. Esinati anaima pakhomo, chigubu chopanda kanthu m'manja.

"Atate ake Loveness, nakupapatani, tiichoseko chabe mwezi uno wa kupya."

"Amake Loveness, za malaiti muzisiye kuli ine."

Musaseke a Benadi okha, abale anga. Yendani masana ano kuchokera pa boma mpaka ku Chalimbana, muwerenge mababu oyaka pamakonde. Akuunikira ndani? Nkhuku? Magetsi tawalandira ngati suti ya ukwati, chinthu choti anthu atione nacho. Tadula mitengo ya kumaso kwa nyumba kuti malata aonekere kumsewu, malatawo akutiwotcha, ndiye tagula fani. Nyemba zimene zikanapsa bwinobwino pambaula panja tikuziphika maola atatu pachitofu chamagetsi, mawindo otseka kuopa fumbi pamipando. Tikatero timati boma latidyera.

Inde, zinthu zakwera. Chichokereni sabuside ya boma palibe chotsika mtengo, ndipo magetsi sanatsale m'mbuyo. Komatu ndiye chifukwa chake munthu umayenera kuchenjera. Wosauka akayamba kulipirira ulemu mwezi ndi mwezi, ndani adzamumvere chisoni?

Chimene chimandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti mankhwala ake ndi aulere. Mthunzi sagula. Kutseka katani dzuwa likapendeka sikufuna ngongole. Kusiya kampata kuseri kwa firiji kuti mpweya uzidutsa, ngakhale mwana angathe. Ndipo mtsuko uja tinauthamangitsira kukhola kuti nkhuku ziziikiramo mazira, mukuukumbukira? Uikeni pamchenga wonyowa pakona, madzi ake amaziziritsa mpaka mano, ndipo firiji imapuma osatsegulidwatsegulidwa. Koma mtsuko ndi wachimidzi. Mtsuko sauonetsa pawindo.

Inenso ndisadziyeretse. Chaka chatha ndinagula ayironi yamagetsi, ndipo mwezi woyamba ndinkasita malaya amodziamodzi pakhonde, nthawi imene anthu akupita kuntchito. Akazi anga ndi amene anandichiritsa: anabisa chingwe chake.

Esinati alibe mwayi umenewo. Ndinamuuza kuti tiinyamule tokha a Benadi akapita kumsika. Anapukusa mutu. Akabwera adzaibwezera pomwepo, anatero, ndipo mawu adzachuluka kuposa mkaka. Ndinachoka mtima uli chiwawire, chifukwa ndimadziwa mmene mlongo wangayu amadzukira kusanache, mmene amasenzera udzu wa ng'ombe nyengo ino pamene dambo lonse lauma.

Lachinayi ndinadutsakonso. M'nyumba munali zii. Firiji inali italeka kubuula Lachiwiri masana, ndipo wokonza atabwera anangoti injini yapsa. Mayi wa tiyirumu sanadikire: tsopano akutenga mkaka kwa munthu wina. Esinati ndinamupeza pamsewu pansi pa mtengo, akugulitsa mkaka wosasa, mabisi, pakapu pakapu kwa odutsa.

Firiji? Ili pawindo pomwe paja. Nsalu yoluka yachapidwa, maluwa apukutidwa fumbi. M'kati a Benadi akusungamo shuga kuopa nyerere. Anandiperekeza mpaka panjinga n'kundinong'oneza:

"Mulamu, osauza bantu kuti yafa."

Ndinavomera, ndiye nanunso musauze munthu.

Tiyeni tiwayamikire a Benadi. Pa anthu onse a m'boma lino, iwo ndiwo apeza njira yachidule yotsitsira bilu m'chilimwe. Mita yaleka kuba. Firiji sikudyanso magetsi, koma ntchito imene anaiikira pawindo ikuigwirabe bwino lomwe: odutsa akuiona.

Koma ng'ombe sizidziwa za ulemu. Madzulo ano Esinati akamanso, chigubu chidzadza. Mkaka umenewo ukagona kuti?